Wophika Akachepetsa Mtanda

Pagombe la ku Mbamba, tsiku limene sitima ya Ilala yakocheza pa Likoma, moni umayambira pathupi. Amene adachoka pachilumbapa kupita ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, akatsika n'kuponda mchenga wa kwawo, abale amayamba amuyang'ana masaya ndi khosi asanamufunse za ulendo. Akabwera ndi thupi, mawu ake ndi odziwika: "Koma ndiye mwanenepatu, achimwene! Zikukuyenderani kumeneko." Akabwera atatsika thupi, anthu amalandira katundu wake mwakachetechete, mafunso n'kukasungira kunyumba.

Tisafulumire kuuseka moni umenewu, pakuti uli ndi mizu. Likoma ndi chilumba cha masikweya kilomita 18 okha, cha miyala, mchenga ndi milambe, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 14,500 m'boma lonse, kuphatikizapo a pa Chizumulu. Nthaka yake siingadyetse khamu lonseli. Chinangwa chimalola, mango amabereka, nyanja imapatsa nsomba, koma chimanga, mpunga, nyemba, shuga ndi mafuta zimaoloka madzi kuchokera ku Nkhata Bay kapena kutsidya kwa Mozambique, ku Cobue ndi midzi yoyandikana nayo. Mwera ukakalipa m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kapena sitima ikapanda kufika sabata imeneyo, mayi aliyense amamva kusinthako m'dengu lake la ufa. Kwa anthu okhala motere, thupi lodzaza lidali nkhokwe yoyenda nayo, ndiponso umboni wakuti pakhomo pali wosamala.

Palinso zaka zoipa zimene sizichoka m'mitima. Agogo athu amasimba za njala ya 1949, ndipo ya 2002 tidaiona ndi maso athu. Pakati pa ziwirizi padagwa china choopsa kuposa njala. Kuyambira mu 1985, pamene munthu woyamba adapezeka ndi Edzi m'dziko muno, kuonda kudasanduka chiweruzo. Dzina lakuti kaliwondewonde linkanong'onedwa pamaliro, pachitsime ndi pathandala loyanikapo usipa, ndipo amene malaya ayamba kumukulira ankadziwa kuti anthu ayamba kale kumuwerengera masiku. Boma litayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, chizindikiro choyamba chakuti munthu wabwerera kwa amoyo chidali thupi. Tidawaona anthu amene tidali titawalira kale akunenepanso, akupalasanso bwato. Kodi m'badwo umene udaona zimenezi ungauzidwe bwanji kuti kunenepa nakonso kumapha?

Komatu alipo amene ayamba kunena zimenezi, ndipo ambiri mwa iwo si madokotala. Ndi amayi ophika, a m'makomo mwathu momwemu. Mayi wotere timamudziwa tonse, kaya pa Likoma, ku Nkhotakota, ku Senga Bay kapena ku Makanjira. Adapita kuchipatala ndi mutu wosaleka kapena miyendo yotupa, namwino n'kumumanga lamba wa pamkono, n'kumuuza kuti magazi akuthamanga mopitirira. Mwina si iye, ndi bambo a m'nyumba amene adapezeka ndi shuga. Atabwerera kunyumba adauyang'ana mphika wake ndi diso lina. Mafuta adayamba kuyeza ndi supuni m'malo mopendeketsa botolo, mtanda wa nsima adauchepetsa, masamba adawachulukitsa. Mpaka apa palibe chodabwitsa. Chimene chimautsa nkhani n'chakuti mayiyu sakhala chete. Amauza anzake pochapa kunyanja, pamsonkhano wa banki m'khonde, pophika paukwati ndi pasadaka. Ena amalemba m'kope zimene aphika ndi makilo amene sikelo yaonetsa, n'kumawerengera aliyense wofuna kumva.

N'chifukwa chiyani amalankhula, ndipo kodi akuchita bwino? Pachikhalidwe chathu za mumphika sizitulutsidwa pabwalo. Mwana wolongolola kwa anthu ndiwo zimene adya dzulo amadzudzulidwa, ndipo za thupi la mkazi wokwatiwa ndiye n'zobisika koposa. Tsono amene amati mayiyu akudzionetsera sakulankhula zopanda mutu. Ena amati ndi kusayamika: Mulungu wakupatsa, iwe n'kumakankha mbale, pamene khomo lachitatu kuchokera pako ana agona ndi madzi. Ndiye pali dzina limene wophika aliyense amaliopa kuposa moto wa pamafuwa, lakuti womana.

Mlandu wa kusayamika ndiwo wolemera, ndipo tiuyese ndi ziwerengero. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 adali opinimbira. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 adali olemera kupitirira muyeso, pamene mu 1992 adali 10 okha. Ziwerengero ziwirizi nthawi zina zimakumana pamphasa imodzi: mayi wathupi ndi mwana wopinimbira, onse akudya nsima yaikulu ndi ndiwo zongonunkhiritsa. Chaka cha 2009, Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la WHO udapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 magazi ake ankathamanga mopitirira, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Pafupifupi 6 mwa 100 adali ndi matenda a shuga. Awa ndi anthu amene timawaona akuyenda bwinobwino lero, mawa tikumva kuti mbali imodzi yafa ziwalo, ife n'kuyamba kufunafuna amene wawalodza.

Pakhoza kukhala wofulumira kuloza chala kondowole, ndipo ameneyo timutsutsa. Kondowole adalera chilumba chonse. Chinangwa chimasendedwa, chimaviikidwa m'madzi masiku angapo kuti chiphe chake chichoke, chimayanikidwa, chimasinjidwa, ndipo wovundula nsima yake amafunika mkono, chifukwa imakakamira pamthiko ngati ulimbo. Mphamvu imapereka yochuluka, koma zomanga thupi ili nazo zochepa kwambiri poyerekeza ndi chimanga. Chimene chinkakwaniritsa mbaleyo ndi ndiwo: usipa wodyedwa ndi mutu ndi minga yomwe, utaka, chigwada chotendera. Ndipo mtanda waukuluwo udali ndi ntchito yake. Udali wa munthu wopalasa bwato usiku wonse, wokoka chilimira, wosinja mumtondo, wosenza ndowa kukwera nayo chitunda, woyenda pansi kuchokera kumapeto ena a chilumba kukafika ena. Lero boti lili ndi injini, chigayo chilipo, ndipo ambiri mwa ife tsiku limatithera pabenchi yogulitsira. Ntchito idachepa, mtanda sudachepe.

China chidasintha ndi katundu wa sitima. Tiyang'ane zimene zimakwera ndi zimene zimatsika. Zokwera ndi matumba ndi madengu a usipa ndi utaka wouma, chakudya chomanga thupi chenicheni, kupita kumisika ya kumtunda. Zotsika ndi mabelo a shuga, zigubu za mafuta, ufa wa tirigu wa mandasi, makireti a zakumwa zotsekemera ndi timapaketi ta zokometsera ndiwo todzaza mchere. Msodzi sachita izi mwaumbuli. Nsomba ndiyo ndalama ya fizi, ya sopo ndi ya malata. Koma zotsatira zake n'zakuti khomo lingathe kugulitsa chakudya chake chabwino n'kugula choipirapo, n'kumadziona ngati latukuka.

Zilumba zina zidadutsamo kale m'njira imeneyi. Kunyanja ya Pacific, mayiko ang'onoang'ono monga Nauru, Tonga ndi Samoa adali a nsomba, kokonati ndi zakudya za mizu monga ife. Sitima zitayamba kubweretsa mpunga woyera, shuga, nyama ya m'zitini ndi zidutswa za nyama yamafuta zimene mayiko olemera sankazifuna, mibadwo iwiri kapena itatu idakwanira kuti mayikowa akhale m'gulu la onenepetsa padziko lonse, matenda a shuga n'kulowa pafupifupi m'banja lililonse. Mu 2007 boma la Samoa lidaletsa kulowetsa michira ya nkhukundembo, imene ndi yodzaza mafuta, koma lidakakamizika kuchotsa chiletsocho litalowa m'bungwe la zamalonda la WTO mu 2012. Ngati boma lidalephera kutseka doko, chatsala ndi dzanja la amene amathira mumphika.

Dzanja limenelo limayenera kudziwa miyeso itatu, ndipo mayi wathu uja adaiphunzira mochedwa monga ife tonse. Mafuta amapereka mphamvu yoposa kawiri ya ufa wolemera mofanana nawo, choncho chipande chimodzi chothiridwa mosayang'ana chimaposa nthongo zambiri za nsima. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kutanthauza kasupuni ka tiyi kosadzaza, ndipo mmenemo muli kale mchere wa m'nsomba youma, wa m'buledi ndi wa m'timapaketi tija. Za shuga, limati asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku, timasupuni 12, ndipo kutsika mpaka 6 n'kwabwino koposa. Botolo limodzi laling'ono la chakumwa chotsekemera limatha kukhala ndi timasupuni 7 kapena 8. Tiyi wa m'mawa wa timasupuni tinayi, wina wa madzulo, thobwa lotsekemezedwa masana, muyeso wapitirira dzuwa lisanalowe. Zoonadi shuga wa ku Dwangwa ndi ku Nchalo amathiramo vitamini A pofuna kuteteza ana, ndipo n'zabwino, koma vitaminiyo samuchotsera shuga khalidwe lake.

Tsono kuyamika n'chiyani? Ife a m'nyumba za Chisilamu tidaphunzitsidwa tili ana kuti mimba igawidwe patatu, gawo la chakudya, la madzi ndi la mpweya, ndipo tidaphunziranso kuti thupi ndi amana, chinthu choikizidwa chimene tidzafunsidwa. Chodabwitsa n'chakuti mawu akuti israf timawakumbukira pokhapokha tikaona mpunga ukutayidwa kudzala. Mpunga womwewo ukakankhiridwa m'mimba yokhuta kale, poopa kuti ungatsale, timati taupulumutsa. Koma wawonongeka ndithu, ndipo wawononganso pamene wagwerapo. Pali china chimene otsutsa aja saona. Wophika akayamba kuwerengera mbale, amazindikira amene wakhala akuchepekedwa pakhomopo. Mwambo wakale umapereka mnofu wa nsomba kwa bambo, ana n'kunyambita msuzi. Munthu wamkulu wokhala pabenchi tsiku lonse akusowa zochepa kuposa mmene amapatsidwira, pamene mwana wa zaka ziwiri akusowa dzira, usipa wosinja m'phala ndi kachidutswa ka papaya. Dzanja lochepetsa mbale ina ndilo limawonjezera inayo. Ngati uku ndi kumana, ndiye kuti dzinali tidalipereka kwa munthu wolakwika.

Tifike tsono pa kulankhula. Kwathu kuno munthu sadya yekha. Nsima imaphikidwa mumphika umodzi, ndiwo m'poto imodzi, ndipo manja amakumana m'mbale imodzi. Kumayiko kumene aliyense amadziikira mbale yake, munthu angathe kusintha kadyedwe mwakachetechete, wina osadziwa. Kwathu mchere ukachepa, nyumba yonse imamva madzulo omwewo. Bambo amafunsa ngati ndalama ya ndiwo idatayika panjira. Apongozi akabwera n'kupeza mafuta sakuyandama pamsuzi, amabwerera ndi nkhani yakuti mwana wawo akuzunzika. Mayi mwiniyo akatsika makilo angapo, manong'onong'o aja a zaka za kaliwondewonde amadzuka, ndipo sagwera iye yekha: amagwera mwamuna wake, amene amatchedwa wolephera kusamala banja kapena wobweretsa matenda. M'dziko lotere kukhala chete kulibe phindu, chifukwa anthu adzalankhula ndithu. Akanena yekha poyera kuti, "Alamu, musadabwe, ndikuchepetsa dala, magazi adakwera," amakhala walanda mphekesera chakudya chake. Amakhalanso watsegulira njira mnzake amene adauzidwa zomwezo kuchipatala koma ankaopa kuonda.

Chifukwa chachiwiri n'chokhudza luso. Malangizo a kuchipatala amabwera ngati malamulo oletsa: chepetsani mchere, chepetsani mafuta, siyani shuga. Ndi oona, koma namwino amene ali ndi mzere wa anthu pakhomo alibe nthawi yofotokoza mmene utaka ungakomere usanamizidwe m'mafuta. Zimene timaona pafoni nazo zimatchula zakudya zimene pamsika wa ku Mbamba sizidafikepo. Pakati pa lamulo ndi mbale pali mtunda, ndipo amene amauyenda ndi wophika. Iye ndiye amadziwa kuti nsomba yamchere ikaviikidwa kaye m'madzi ofunda n'kutsanula, ndiwo sizifunanso mchere wina. Kuti ndimu, anyezi, tomato wakupsa ndi kambuzi zimadzutsa lilime pamene mchere wachepa. Kuti chambo chowamba pamakala sichisowa chiwaya. Kuti nsinjiro pang'ono zimachita m'masamba zimene ankayembekeza kwa mafuta, n'kuwonjezerapo zomanga thupi. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya, koma kuwapeza onse 6 pachilumba cha miyala m'mwezi wa Okutobala, masamba atauma, ndi nzeru imene imapezeka kwa amene adayesa, nalephera, nayesanso. Nzeru yotere ikabisidwa imafera pamafuwa amodzi.

Ndipo tisaiwale kuti mayiyu ndi munthu, amafooka. Amene wauza anzake khumi kuti wasiya mandasi a m'mawa amachita manyazi kuwagula anzakewo akuona. Kope lija ndi mboni imene wadziikira yekha.

Sitikuti zonse zimene zimanenedwa m'dzina la kuchepetsa thupi n'zabwino. Pali malire amene wolankhulayo amatha kuwadumpha osazindikira. Makilo otayidwa akasanduka chonyadira, mawu ake amayamba kuluma, ndipo mnzake wonenepa amachoka pagulupo ataweruzidwa kuti ndi waulesi kapena wadyera. Matupi sitidalengedwe ofanana. Ena amanenepa chifukwa cha mtundu wa kwawo, ena chifukwa cha uchembere, ena chifukwa cha mankhwala amene akuwasunga ndi moyo. Atsikana athu akumva zonse zimene timanena, ndipo pafoni akuona kale matupi ojambulidwa amene palibe munthu ali nawo. Mwana wa zaka 14 akayamba kubisa nsima pansi pa mphasa, mawu athu apita kumene sitidawatume. Pabweranso amalonda a tiyi ndi mapiritsi ochepetsa thupi, ambiri mwa iwo ongotsegula m'mimba n'kukhetsa madzi. Mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana wokula sali m'nkhani imeneyi n'komwe. Ndipo mantha akale aja sadali opanda pake: munthu woonda asanafune, asanasinthe kadyedwe, apite akayezedwe, pakuti chifuwa chachikulu, HIV, khansa ndi shuga yemweyo zimayamba motero.

Chotonthoza n'chakuti chofunika si kuonda. Kafukufuku wamkulu wa ku America amene zotsatira zake zidatuluka mu 2002 adatsata anthu amene shuga wawo adali atayamba kukwera. Amene adathandizidwa kuchepetsa kulemera kwawo ndi magawo pafupifupi 7 pa 100, n'kumayenda mwandawala mphindi 150 pasabata, chiopsezo chawo chodwala shuga chidatsika ndi magawo 58 pa 100. Kwa mayi wa makilo 80, amenewa ndi makilo 5 kapena 6 okha, kuyenda kwake ndi theka la ola masiku asanu. Chitenje chake sichidzasintha mamangidwe, ndipo pagombe adzapitiriza kumuuza kuti akuoneka bwino.

Pali malire enanso, a umphawi. Kwa mayi amene wapeza usipa wa m'kambale kamodzi kuti udyetse anthu asanu ndi awiri, mafuta a m'kapepala ndi mchere ndizo zimatalikitsa msuzi kuti nsima itsike. Kumuuza ameneyo kuti achepetse nsima n'kumuseka. Wophika wanzeru amadziwa amene akulankhula naye, ndipo pakhomo lotere amafika ndi chigwada chosinja kale kapena dzira la mwana, mawu n'kutsalira kunyumba.

Mwezi wa Ramadhan ndiwo umationetsa bwino kumene tili. Tsiku lonse timakwanitsa chimene madokotala amati n'chovuta, kuuza mimba kuti idikire. Dzuwa likalowa, mphasa imadzaza masamusa, mandasi, chipisi, tiyi wa shuga wosawerengeka ndi mpunga wonyezimira mafuta, kotero kuti ena amafika pa Eid atalemera kuposa mmene adayambira. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Amene waima pamoto kuyambira masana, ali ndi njala ngati ena onse, ndi wophika yemweyo, ndipo iye ndiye amadziwa kuti futali wa mbatata kapena chinangwa wotendera nsinjiro, nsomba yowamba ndi madzi a malambe osatsekemezedwa kwambiri zimakhutitsa popanda kugonetsa munthu nthawi ya Tarawih. Wodwala shuga kapena womwa mankhwala a magazi akambirane ndi achipatala mwezi usanayambe, chifukwa nthawi ya mankhwala ndi muyeso wake zimafunika kusintha.

Chimene chimavutabe ngakhale kwa mayi wolimba mtima ndi mlendo. Pakhomo pake adagonjetsa bambo, adagonjetsa apongozi, ana adazolowera. Koma malume akatsika sitima atatha zaka zitatu osaoneka, dzanja limapita lokha ku botolo la mafuta, pakuti ulemu tidauphunzira m'chinenero chimodzi chokha, cha nkhuku yokazinga, mpunga wosefukira ndi chakumwa chozizira pambali. Mlendo ndi mame, timatero, sachedwa kukamuka, ndipo phwando la tsiku limodzi silidwalitsa munthu. Komabe pagombe ngati la Likoma, pamene sitima imatsitsa abale sabata ndi sabata, pamene maliro, maukwati ndi masadaka zimatsatana, masiku apaderawo amachuluka mpaka kusanduka kadyedwe ka chaka chonse. Amayi ena ayamba kuika mbale ya masamba patsogolo pa mlendo, mchere n'kuuika pambali m'kambale kake kuti wofuna adzithirire, ndipo amafunsa asanaphike, "Amalume, kodi shuga mumamwa?" Kawirikawiri malumewo amayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa m'thumba la jekete kabuku ka kuchipatala ndi mapiritsi awo.